Mbiri ya Mphamvu Yobisika m'Kuunika

Palibe munthu wokayika kuti mphepo iri ndi mphamvu, pakuti imasasula madenga ndi kuzula mitengo. Palibenso wokana mphamvu ya madzi, popeza mtsinje ukasefukira umakokolola madimba ndi maulalo omwe. Koma munthu atauzidwa kuti kuunika kwa dzuwa nakonso kumakankha cinthu ciri conse cimene kwagwerapo, angayese nthano cabe. Mlimi amakhala padzuwa kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Kutentha amakumva, thukuta limatuluka, koma sanamvepo ceza cirinkumkankha pamsana. Komabe mau amenewa ngoona, ndipo mlimi samva kanthu cifukwa mphamvuyo njocepa kopambana. Dzuwa likafika paliwombo, kuunika konse kogwera pa munda wa ekala imodzi kumapsinja nthaka ndi mphamvu yosaposa kulemera kwa maso asanu a cimanga.

Mphamvu yocepa cotere inasautsa anthu ophunzira zaka zoposa 300. Poyamba anangoiganizira, pambuyo pace anaiwerengera, kenaka anaiika pa muyeso, ndipo ataona kucepa kwace anaipeputsa, nati iribe nchito pansi pano. Lero lino mphamvu yomweyo ndiyo imagwira tizirombo tamoyo m'nyumba zofufuzira matenda, osatipweteka. Kuunika sikunasinthe m'zaka zonsezi. Cimene cinasintha ndi msinkhu wa zinthu zimene anthu anaphunzira kuika m'njira yace, ndi kudziwa kwao m'mene tinthu tating'ono timabvomerera mafunde a kuunika.

Mcira Wotsogola

Ciyambi ca nkhaniyi ciri kumwamba. Nthawi zina kumaoneka nyenyezi yacilendo yokoka mcira wautali, imene anthu a mitundu yambiri kale anali kuiopa, poiyesa malodza a nkhondo kapena a imfa ya mfumu. M'caka ca 1531 Peter Apian wa ku Germany anayang'anitsitsa nyenyezi yotere masiku ambiri, nalemba zithunzi zace, napeza cinthu cozizwitsa. Mcira wace suloza kumene nyenyeziyo yacokera, monga umacita mcira wa nyama yothamanga, koma nthawi zonse uloza kumbali yofulatira dzuwa. Nyenyezi ikamayandikira dzuwa, mcira umatsala m'mbuyo. Ikamacoka ku dzuwa, mcira ndiwo umatsogola.

Johannes Kepler, katswiri wochuka wa za nyenyezi, anayesa kumasulira mwambi umenewu m'buku lace losindikizidwa m'caka ca 1619. Iye anati ceza ca dzuwa cimapyoza thupi la nyenyeziyo ndi kuulutsa zina za m'kati mwace, monga mphepo iulutsa utsi. Njira yotsimikizira mau ace analibe, koma sanaphonye patali. Lero kwadziwika kuti nyenyezi zotere zimakhala ndi micira iwiri: wina wa mpweya, umene umatengedwa ndi tinthu ta magetsi touluka kucokera ku dzuwa, ndi wina wa fumbi, umene umakankhidwa ndi kuunika monga momwe Kepler anaganizira.

M'zaka zotsatira panali mtsutso waukulu pa funso lakuti kuunika nciani. Otsata Isaac Newton anati ndi timiyala tosaoneka toponyedwa mwa liwiro; ena anati ndi mafunde. Ambiri anaganiza kuti ngati kuli timiyala, kuyenera kukankha cimene kwagunda, ndipo anayesa kugwira kukankhako. M'caka ca 1792 Abraham Bennet, mbusa wa mpingo ku England, anapacika kapepala pa ulusi wa kangaude m'kati mwa galasi, nakaunikira ndi ceza cosonkhanitsidwa, koma sanaone kanthu koti angakache mphamvu ya kuunika. Amene anaona zinthu zao zirinkugwedezeka ananyengedwa ndi mpweya, pakuti kuunika kumatenthetsa, ndipo mpweya wotentha umayenda ndi mphamvu yoposa kutali imene iwo anali kufuna.

Masamu a Maxwell ndi Muyeso wa Lebedev

Amene anaunika njira anali James Clerk Maxwell wa ku Scotland, ndipo cida cace cinali colembera. Iye anasonyeza kuti kuunika ndi mafunde ndithu, koma mafunde a mphamvu ziwiri zoyendera pamodzi, ya magetsi ndi ya maginito. M'cinthu ciri conse muli tinthu ta magetsi. Funde likafika, mphamvu ya magetsi imagwedeza tinthuto cam'mbali, uku ndi uko; ndipo pamene tirinkugwedezeka, mphamvu ya maginito imatikankhira kutsogolo, kumene kuunika kulinkupita. M'buku lace la caka ca 1873 Maxwell anawerengera ukulu wa kukankhako. Masamu ace ananenanso kuti cinthu conyezimira, cimene cimabweza kuunika, cimakankhidwa kawiri kuposa cinthu cakuda cimene cimangokumeza.

M'zaka zomwezo William Crookes wa ku London anapanga kabotolo ka galasi kocotsedwa mpweya, m'kati mwace muli timapiko tinai tokhazikika pa nsonga ya singano, phiko liri lonse lakuda mbali imodzi, lonyezimira mbali inayo. Kabotoloko kakaikidwa padzuwa, timapiko timazungulira. Anthu ambiri anakondwa, nati mphamvu ya kuunika yaoneka tsopano ndi maso. Koma panali cokhumudwitsa: mbali yakuda ndiyo inali kuthawa kuunika, pamene masamu anati iyenera kuthawa yonyezimira. M'caka ca 1876 Arthur Schuster anapacika kabotolo konse pa ulusi, naona kuti timapiko tikamazungulira kwina, kabotolo kamapotokera kwina. Pamenepo kunadziwika kuti wokankha ali m'kati momwemo: ndi mpweya pang'ono wotsalira, umene umatenthedwa ndi mbali yakuda. Mdani wakale anali atanyenganso anthu. Maxwell anamwalira m'caka ca 1879, mau ace asanatsimikizidwe.

Mlanduwu sunali waung'ono, cifukwa mphamvuyo ikadapanda kupezeka, ciphunzitso conse ca Maxwell cikadakhala pa ciweruzo. Amene anaugamula anali Pyotr Lebedev, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Moscow. Iye anasula timapiko ta citsulo topyapyala kwambiri, kuti mbali zonse ziwiri zitenthe mofanana. Anapopa mpweya m'botolo kuposa onse amene anamtsogolera. Ndipo anali kuunikira phiko mbali iyi, kenaka mbali inayo, kuti cinyengo ca mpweya cidziulule. Analengeza zimene anapeza ku msonkhano wa ku Paris m'caka ca 1900, nazisindikiza m'caka ca 1901. Caka comweco Ernest Nichols ndi Gordon Hull, ku Dartmouth College m'dziko la America, anapeza zofanana mwa njira yao-yao, ndipo pofika 1903 miyeso yao inagwirizana kwambiri ndi masamu a Maxwell.

Motero coonadi cinakhazikika, koma cinaoneka copanda phindu. M'caka ca 1905 John Henry Poynting wa ku Birmingham, amene anayesapo yekha mphamvuyi, anauza akatswiri anzace kuti kucepa kwace kumaiika kunja kwa zinthu zoyenera kuganiziridwa pa zocitika za pansi pano. Panapita zaka zoposa 60 mau amenewa asanatsutsidwe.

Golide Wofiira ndi Madzi a m'Ndowa

Mkazi akamapeta mapira, mphepo imatenga mankhusu ndi kusiya maso, ngakhale iomba mofanana pa zonse. Lamulo lace ndi ili: cinthu cikacepetsedwa ndi theka m'mimba mwace, nkhope yace yolandira mphepo imacepa kanai, koma kulemera kwace kumacepa kasanu ndi katatu. Cifukwa cace mphamvu imene siingasunthe mwala imaulutsa fumbi. Lamulo lomweli ligwira nchito pa kuunika, koma liri ndi malire. Funde la panyanja limakankha bwato, koma bango loima m'madzi limangolipitirira. Momwemonso kanthu kakacepa kopitirira, funde la kuunika silikagwira bwino. M'caka ca 1901 Karl Schwarzschild, powerengera za fumbi la m'micira ya nyenyezi, anasonyeza kuti pali msinkhu umene kuunika kumagonjetsa kulemera koposa, ndipo msinkhuwo suli kutali ndi utali wa funde la kuunikako.

Utali umenewu umayesedwa ndi muyeso wochedwa nanomita. Milimita imodzi ikagawidwa m'zigawo 1,000,000, cigawo cimodzi ndico nanomita. Tsitsi limodzi la munthu liri ndi mananomita pakati pa 50,000 ndi 100,000 m'mimba mwace. Mafunde a kuunika kooneka ndi maso ayambira pa mananomita 400 kufikira 700, ndipo utali wa funde ndiwo umapatsa kuunika mtundu wace: aatali ngofiira, apakati ngobiriwira ngati msipu, aafupi ngonga thambo.

Amisiri akale anagwirapo tinthu ta msinkhu wotere osadziwa. Ku British Museum, mu mzinda wa London, kuli cikho ca galasi cochedwa cikho ca Lycurgus, copangidwa ndi Aroma zaka pafupi-fupi 1,600 zapitazo. Cikaunikiridwa kutsogolo cimaoneka cobiriwira. Nyali ikaikidwa kuseri kwace cimafiira ngati magazi. M'caka ca 1990 kunapezeka kuti m'galasi lace muli timibulu ta golide wosakanizika ndi siliva, tosaposa mananomita 100. Michael Faraday, m'caka ca 1857, anafotokoza za madzi ofiira amene anakonza ndi golide, nanena kuti kufiirako kumacokera ku golide weni-weni wogawika-gawika kosaoneka. Nanga citsulo cacikasu cifiira bwanji pongocepetsedwa?

Yankho linalembedwa m'caka ca 1908 ndi Gustav Mie, mphunzitsi wa ku Greifswald m'dziko la Germany. Iye anatenga malamulo a Maxwell, nawerengera mosasiyako kanthu cimene cimacitika funde la kuunika likakomana ndi kampira ka msinkhu uli wonse. Ludvig Lorenz wa ku Denmark anali atacita masamu ofanana m'caka ca 1890, koma anawalemba m'cinenero ca kwao, namwalira caka cotsatira, ndipo anawawerenga ndi anthu owerengeka.

Cimene masamuwo anena cingamveke poganizira ndowa ya madzi yosenzedwa pamutu. Wosenzayo akamayenda, madzi sagwedezeka cisawawa ai, koma ali ndi magwedezekedwe ace odziwika. Oyamba ndi akuti madzi akwera mbali imodzi natsika mbali inayo, kenaka nabwerera. Pamenepo pali nsonga ziwiri zolandizana. Aciwiri ndi akuti mbali ziwiri zopenyana zikwera pamodzi, pamene ziwiri zinazo zitsika; apo nsonga ziri zinai. Aliponso a nsonga zisanu ndi zitatu, ndi ena oposa pamenepo. Tsono tinthu ta magetsi ta m'kampira timacita cimodzi-modzi funde la kuunika likatigwedeza. Kugwedezeka kwa nsonga ziwiri akatswiri amakucha dipole, kwa zinai quadrupole, kwa zisanu ndi zitatu octupole, ndipo dzina la banja lonse ndi multipole. Palinso banja laciwiri. Madzi a m'ndowa angathe kuzungulira monga phala lotakasidwa. Ndipo magetsi akazungulira motero m'kampira, uku ndi kubwerera, kampirako kamasanduka kamaginito kamene mitu yace imasinthana mwa liwiro la funde. Cotero pali magwedezekedwe a magetsi ndi magwedezekedwe a maginito, ndipo kuunika kumene kampira kamamwaza ndi mau a onsewa ophatikizidwa, monga nyimbo ya anthu ambiri.

Wotunga madzi ali yense adziwanso cinthu cina: mapazi ace akagwirizana ndi kugwedezeka kwa madzi, madziwo amakwera-kwera mpaka kutayika, ngakhale iye alinkuyenda pang'ono-pang'ono. Ndico cifukwa cace amasintha mayendedwe, kapena kuika masamba pamwamba pa madzi. Ndowa yaikulu imabvomera mapazi ocedwa, yaing'ono mapazi ofulumira. Kubvomerana kotere, kumene pa Cingerezi kuchedwa resonance, ndiko mtima wa nkhani yonseyi. Kampira kali konse, monga mwa msinkhu wace ndi cimene kanapangidwa naco, kali ndi mafunde amene kamawabvomera. Funde lotere likafika, kampirako kamagwira kuunika kocokera pa malo aakulu kuposa thupi lace. Timibulu ta golide ta Faraday timabvomera mafunde obiriwira ndi kuwameza, cifukwa cace kuunika kumene kumapyola madziwo kumatsala kofiira.

Kanthu kogwira kuunika kwambiri kayenera kukankhidwanso kwambiri. Peter Debye, mnyamata wa ku Holland wophunzira ku Munich, anawerengera zimenezi, nasindikiza m'caka ca 1909 masamu a kukankha kwa kuunika pa timipira ta mtundu uli wonse. Komatu masamu a Mie ndi Debye anali aatali ndi otopetsa. Kuwerengera kampira kamodzi kokulirapo kunali kudya masiku ambiri. Anagona m'mabuku zaka makumi angapo, kufikira atabwera makina owerengera amene lero achedwa kompyuta. Mie anamwalira m'caka ca 1957.

Mbaniro za Kuunika

Panali kusowekanso nyali yoyenera. Kuunika kwa dzuwa ndi kwa nyali wamba nkosakanizika, kwa mafunde a misinkhu yonse, ndipo kumabalalika. M'caka ca 1960 Theodore Maiman, ku California, anayatsa laser yoyamba, ndiyo nyali yotulutsa mafunde a msinkhu umodzi oyenda mogwirizana, amene angathe kusonkhanitsidwa onse pa kadontho kocepa ngati funde limodzi.

Arthur Ashkin, wobadwira ku Brooklyn m'caka ca 1922, anali kugwira nchito ku Bell Laboratories m'cigawo ca New Jersey. Iye anazindikira kuti kuunika konse kwa laser kutaunjikidwa pa kanthu kopepuka ngati fumbi, mphamvu imene Poynting anaipeputsa ingapose kulemera kwa kanthuko nthawi zikwi zambiri. Pofuna kupewa mdani wakale uja, kutentha, anasankha timipira toonekera, tosameza kuunika, natiika m'madzi. Timipira tinathamanga motsata mzere wa kuunika monga anayembekeza. Koma anaonanso cimene sanaciyembekeze: timipira ta m'mphepete mwa mzerewo tinali kukokedwera pakati, powala koposa.

Cifukwa cace ndi ici. Kampira koonekera kamapinda kuunika monga galasi la m'maso. Kuunika kukapindidwira kumanzere, kampirako kamakankhidwira kumanja, monga bwato limapita kutsogolo pamene wopalasa akankhira madzi m'mbuyo. Kuunika kolowera mbali yoyang'ana pakati pa mzere nkocuruka, ndipo kumapindidwira kunja. Motero kampira kamakankhidwira m'kati. Ashkin analozetsa mizere iwiri mopenyana, ndipo kampira kanaima pakati, kosatha kuthawira kuli konse. Zimenezi zinasindikizidwa m'caka ca 1970.

Caka cotsatira iye ndi mnzace Joseph Dziedzic anaimika kampira ka galasi m'malere, kocirikizidwa ndi kuunika kokha kocokera pansi. M'caka ca 1977 anaimika motero kadontho ka mafuta, nayamba kusintha utali wa mafunde a laser pang'ono-pang'ono. Pa mafunde ena kukankha kunali kukwera mwadzidzidzi, ndi kutsikanso atangopitirira. Anayerekeza malo okwerawo ndi masamu a Mie ndi Debye, ndipo anagwirizana. Kubvomerana kumene Debye anakuwerengera pa pepala kunaoneka m'kukankha kweni-kweni patapita zaka 68.

M'caka ca 1986 Ashkin, Dziedzic, John Bjorkholm ndi Steven Chu anasonyeza kuti mzere umodzi wokha, utasongoledwa kwambiri ndi galasi la makina oonera tinthu tating'ono, umagwira kanthu mbali zonse. Anagwira tinthu toyambira pa mananomita 25 kufikira 10,000. Cida cimeneci cinachedwa mbaniro za kuunika. Caka cotsatira anali kuyesa kugwira kacirombo kamene kamadwalitsa masamba a fodya, ndipo m'madzi amene anacezera usiku munaswana tizirombo tina tochedwa bakiteriya, timene tinakodwa m'mbaniro tirinkusambira. Laser yobiriwira inali kutipha. Koma atasintha natenga mafunde aatali kuposa ofiira, amene maso saona, tizirombo tinakhala ndi moyo, mpaka kuswana tiri cigwidwire.

Kuyambira pamenepo mbanirozi zinalowa m'nchito ya ofufuza za moyo. M'caka ca 1993 Steven Block ndi anzace anatsata kanthu kochedwa kinesin, kamene kamanyamula katundu m'kati mwa maselo a thupi, napeza kuti kamayenda ndi mapazi a mananomita 8. M'caka ca 2005 Subra Suresh ndi anzace a ku America ndi ku Singapore analengeza za maselo ofiira a m'magazi. Selo lofiira liyenera kupindika kuti lipyole timitsempha tocepa kuposa ilo. Iwo anamatika timibulu tiwiri pa selo, nalikoka ndi kuunika, napeza kuti selo lolowedwa ndi kacirombo ka malungo limauma kufikira kakhumi kuposa labwino. Kuuma kumeneku ndi cimodzi mwa zifukwa zimene magazi amayendera mobvuta mwa munthu wodwala malungo aakulu. Ashkin analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2018 ali ndi zaka 96, namwalira m'caka ca 2020.

Kuunika Kokoka

Banja laciwiri la magwedezekedwe, la maginito lija, linakhala nthawi yaitali ngati mlendo wosaitanidwa. Mabuku anali kuphunzitsa kuti pa mafunde ofulumira a kuunika zinthu wamba sizibvomera mphamvu ya maginito. Ngakhale zinali tero, m'caka ca 1983 Milton Kerker ndi anzace awiri, ku Potsdam m'cigawo ca New York, anafunsa kuti kukadatani pakadakhala kampira kobvomera mphamvu zonse ziwiri mofanana. Masamu anayankha kuti mafunde omwazidwa ndi magwedezekedwe awiriwo akadazimitsana kumbuyo ndi kuthandizana kutsogolo, kotero kuti kampirako sikakadabweza kuunika ngakhale pang'ono kumene kwacokera. Kampira kotere kunalibe, ndipo ambiri anayesa nkhaniyo masewera a masamu.

Kanapezeka m'caka ca 2012. Magulu awiri, lina la Arseniy Kuznetsov ndi Boris Luk'yanchuk ku Singapore, lina la Andrey Evlyukhin ndi anzace a ku Hannover ndi ku Denmark, anapanga timipira ta silikoni ta mananomita pakati pa 100 ndi 200. Silikoni ndi cinthu coyengedwa kucokera ku mcenga, ndipo ndiye amapangira ubongo wa makompyuta ndi mafoni. M'kati mwace kuunika kumayenda mocedwa pafupi-fupi kanai kuposa mumpweya, ndipo funde limafupika momwemo. Motero funde lofiira la mananomita 600 limakwana lathunthu m'kampira ka mananomita 150, ndi kuzungulitsa magetsi m'menemo ngati phala lija. Timipirato tinawala mitundu yosiyana-siyana monga mwa misinkhu yao, ndipo kubvomera kwa maginito kunaoneka kwamphamvu kosabisika. M'caka ca 2013 kunatsimikizidwa kuti pa mafunde ena timipira totere timaponya kuunika kutsogolo, monga Kerker ananena zaka 30 m'mbuyomo.

Apa mbiri ya kukankha inafika pa cinthu cimene Kepler sakadacilota. Mfuti ikalira, cipolopolo cimapita kutsogolo, ndipo thako la mfuti limamenya phewa la mlenje. Momwemonso kanthu kakamwaza kuunika mbali imodzi, iko kamakankhidwira mbali inayo. Ndipo mbali imene kuunika kudzamwazikira imalamulidwa ndi m'mene magwedezekedwe aja aphatikizirana. M'caka ca 2011 Jun Chen, Jack Ng, Zhifang Lin ndi C. T. Chan, a ku Shanghai ndi ku Hong Kong, anawerengera kuti ngati ceza cifika pa kampira copendekera, cocokera m'mbali, ndipo kampirako kaciongola ndi kuciponya kutsogolo, kampirako kadzabwerera m'mbuyo, kulinga ku nyali. M'caka ca 2013 gulu la Pavel Zemánek ku Brno, m'dziko la Czech Republic, pamodzi ndi mnzao wa ku St Andrews, linaona timipira ta pulasitiki m'madzi tirinkukokedwa motero, pamene tina ta msinkhu wosiyana tinali kukankhidwa ndi kuunika komweko. Kuunika kunakhala licero lopeta tinthu monga mwa misinkhu yao.

Amisiri a masiku ano sadikiranso kuti apeze kampira koyenera. Amasema okha tizipilala ta silikoni tambiri-mbiri pa nkhope ya cinthu, kuti kuunika kupindikire kumene iwo afuna. M'caka ca 2021 gulu la Mikael Käll ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, linayendetsa pansi pa madzi tingolo tosaoneka ndi maso tokutidwa motero, nkumatikhotetsa kumanja ndi kumanzere ndi kuunika kokha. Kumwamba nakonso, kumene nkhaniyi inayambira, mphamvuyi yagwidwa nchito. M'caka ca 2010 dziko la Japan linatumiza combo cochedwa IKAROS, cokhala ndi thanga lopyapyala la mamita 14 mbali iri yonse. Dzuwa linali kukankha thangalo ndi mphamvu yosafika kulemera kwa diso limodzi la cimanga. Koma popeza kumeneko kulibe mpweya wochinga, ndipo dzuwa sililowa, pang'ono-pang'ono anakhala mtolo, ndipo liwiro la combo linasinthadi monga anawerengera. Matanga osemedwa tizipilala, oti adziongole okha pa mzere wa laser paulendo wautali, akali m'maganizo ndi m'nyumba zoyesera.

Poynting sanalakwe pa muyeso wace. Mphamvu ya kuunika njocepadi, lero monga m'caka ca 1905. Analakwa poyesa kuti zocitika za pansi pano ndi zokhazo za msinkhu wa dzanja la munthu, pamene matenda ndi moyo womwe zimagamulidwa pa msinkhu wa selo ndi wa kacirombo. Mwa anthu amene anasenza nchitoyi, ambiri sanadye zipatso zace. Maxwell sanaone muyeso wa Lebedev, Lorenz anaiwalika, Mie anamwalira kutatsala zaka zitatu kuti laser iyake. Ali yense analemba mosamala cimene anapeza, ngakhale panalibe wocifuna pa nthawiyo, ndipo wobwera m'mbuyo anacipeza ciri cosungika. Akulu akale anati kuona maso a nkhono nkudekha; pa nkhani iyi kudekhako kunali kwa mibadwo yambiri yolandizana, kucokera pa buku la Kepler la 1619 kufikira pa selo la munthu wodwala malungo logwidwa ndi kuunika.